Khoka Langa pa Siteshoni ya Salima

Lolemba, 4 Okutobala 1943
Akulemba ndi Salome, mawu ndi anga, ine Pitala wa ku Lifuwu. Ana anga alembedwe poyamba. Robert, woyendetsa lole ku Chitala, sanagwetsepo. Dailes, mzamba ku mishoni. Salome, mphunzitsi. Yesaya, msilikali wa Keyala, ali kutsidya kwa nyanja yamchere.
Lero kwabwera mesenjala wa boma. Ankhondo akufuna makoka msanga, sitima inyamuka Lachinayi. Boma kupempha khoka la Pitala! Ndiye kuti asilikali alakalaka nsomba, mwina ndi Yesaya yemwe adyako. Ndalonjeza lalikulu lija.

Lachinayi, 7 Okutobala
Lole ya boma yabwera kudzatenga khoka, ndaibweza. Khoka lobooka lipite kwa eni ndi dzina langa? Manyazi. A Jameson, msodzi mnzanga, apereka lawo, mabowo oti ng'ona n'kudutsa. Ine ayi. Ndikusoka bowo ndi bowo, miyala yatsopano m'munsi, kenaka kulinyika m'makungwa. Amake Robert akuti, "Mudyetse boma, ife tidye mchenga?" Latsala laling'ono, litisunga.

Lachisanu, 15 Okutobala
Ndinakalipereka ndekha ku siteshoni Lachiwiri. Lemba bwino, Salome.
Analiyala pansi, asilikali anayi ndi mipeni. Miyala yanga kudula, kutaya m'ngalande. Khoka loluka zaka ziwiri, kulicheka nthulinthuli ngati nyama ya pamaliro. Ena kumangirira nsanza zobiriwira m'maso mwa khokalo. Ndinakuwa. Ndinagwira mmodzi mkono, ine mkulu wa mpingo, anthu akuona.
Kopolo wawo, Abdulkarim, Myao waulemu, anandikhazika pa thumba la mtedza. Anati, "Bambo, kumeneko sitiwedza. Timafunditsa mizinga ndi malole kuti ndege zisaone. Chosafunditsidwa amachiphulitsa, ndi anthu ake omwe."
Ndege kusaka munthu monga nkhwazi isakira chambo! M'makalata Yesaya sanatchulepo. Amangoti ali bwino, mpunga ukukwana.

Lamulungu, 17 Okutobala
Ku tchalitchi nyimbo osatuluka. Kopolo ananenanso china chimene sindinauze amake. Anati, "Mabowo si kanthu, bambo, tinkafuna changu." Sitima ya Lachinayi ija inapita yosadzaza. Langa lidikira ya pa 25.
Masabata awiri ndi theka. Ine pa mchenga kusoka, kudzitama. Mwana wanga pamtetete. La a Jameson, lija ndinkaliseka, lili kale m'njira.

Lachiwiri, 19 Okutobala
Ndawauza amake. Ndawauzanso kuti laling'ono lipita. Ndinayembekeza mkuwo, pakuti mvula ili pafupi, nkhokwe yafika pakati, ndipo popanda khoka ndidzakokera anthu ena chingwe ngati waganyu, pa ukalamba uno. Alowa m'nyumba, atulutsa nsalu zawo zakale, ndi ija ya ukwati wa Dailes. Anangoti, "Zobiriwira zokha, kapena ndi zakuda zomwe?" Ali pakhonde, akung'amba.
Asilikali asalichekenso pamaso panga. Tilidula tokha, kuno.
Salome, tumiza mawu ku Chitala ndi ku mishoni. Loweruka pa 23 Okutobala, m'mawa, onse akhale pano pa Lifuwu, ndi apongozi omwe. Aliyense abwere ndi mpeni wake wonola.