Nyimbo za bambo zatsala "piii" yekhayekha

Aphungu,

Ndimakonza mafoni, ndiponso ndili ndi podikasiti, kapulogalamu ka mawu ka pa intaneti. Ndimajambula bambo anga akuimba nyimbo zomwe ankaimba ali mnyamata posenza matumba ku depoti. Timajambulira kuchipinda kwawo, titapachika mabulangete m'mazenera kuti phokoso la pamsewu lisalowe.

Nyimbozo n'zonyoza kapitawo wawo: mimba yake, nsapato zake zolira, mkazi wake amene anam'thawa. Anthu anazikonda kwambiri. Kenako bungwe loyang'anira zoulutsa mawu linalengeza kuti podikasiti yonyoza akuluakulu idzatsekedwa. Mantha atandigwira, ndinaika kaphokoso ka "piii" paliponse pamene kapitawoyo watchulidwa, ngakhale pa nsapato pomwe.

Bambo atamvetsera anati, "Kapitawo uja ankatikalipira tsiku lonse, koma pakamwa sanatitsekepo. Iwe wamuposa." Kuyambira pamenepo sakuimbanso. Chifuwa chikuwavuta, mawu awo akuchepa mphamvu, ndipo nyimbo zambiri sindinazijambule. Anzawo onse a ku depoti anamwalira, kapitawoyo ndiye anamwalira ine ndili khanda. Mtima ukundiwawa, Aphungu. Nditani?

K.M.

A K.M., ndiyambe ndakuyamikirani. Bungwelo silinakuimbireni foni, silinagogode pakhomo panu, mwina silikudziwa n'komwe kuti muliko, koma inu mwaligwirira kale ntchito, yaulere, ndi mtima wonse. Antchito otere ndi osowa. Mwateteza ulemu wa kapitawo amene anaikidwa m'manda inu musanamere mano, iye pamodzi ndi nsapato zake. Kumene aliko akuthokoza.

Lamulolo sindikuliikira kumbuyo. Mawu oti "akuluakulu" ndi otambalala kuposa mabulangete anu a pazenera, ndipo lamulo lotere limachititsa kuti aliyense azidziluma yekha lilime asanafunsidwe. Kuopa si uchitsiru, podikasiti kutsekedwa kumawawa. Pomwe mwaphonya m'posakaniza kujambula ndi kuulutsa. Malinga ndi kalata yanu, bungwelo likunena za zoulutsa. Sindinamve kuti lalemba ntchito mlonda wogona kunsi kwa bedi la bambo anu.

Ndiye pitani mukapepese, ndipo nkhani ya malamuloyo mukaisiye pakhomo, iwo alibe nayo ntchito. Mukawaikire nyimbo zija mmene anaziimbira, zopanda "piii", kuti amve ndi makutu awo kuti zikadalipo. Ndikhulupirira kuti munthu wokonza mafoni simunafufute zoyambirira. Chifuwacho akachione adokotala sabata ino, osati mukapeza mpata. Akalola kuimbanso, jambulani zonse, mimba, nsapato, mkazi wothawayo, ndipo muzisunge m'malo awiri.

Za kuulutsa, funsani loya kuti akuuzeni ngati kapitawo wakufa ali m'gulu la akuluakuluwo. Nyimbo imene mukuikayikira muisunge yathunthu, osaiulutsa yopunduka. Ndipo muzifunsa eni ake musanadule chilichonse, nyimbozo si zanu.

Koma chenjerani ndi kuzengereza. Malamulo amasintha, owalemba nawonso amatsika pamipando, choncho kuulutsa kungadikire ngakhale zaka. Chifuwa cha bambo anu sichidikira. Mukapitiriza kukhala phee, mwana wanu akadzakufunsani kuti agogo ake ankaimba zotani, mudzangomuyankha kuti "piii".