Mafunso a teremu yatha

Achemwali,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Balaka tilipo, amayi chifuwa chija chinasiya.

Ine ndiye ndatopa. Lachisanu ndinalemba mafunso atsopano a mayeso m'fayilo yomwe aphunzitsi tonse timaitsegula pa makompyuta a pasukulu. Poti ndisunge, inakana, chifukwa aphunzitsi anzanga a Saidi anaisiya yotsegula pa kompyuta yawo n'kupita ku mzikiti. Atabwera anaitseka, ndinasunga, a kalaliki n'kusindikiza.

Lolemba ana akulemba, mtsikana wina anakweza mkono. "Madamu, awatu tinalemba kale teremu yatha."

Kompyuta ya a kalaliki inali itagwirabe fayilo yakale, osatenga yatsopanoyo. Ahedi anakalipira ine pamaso pa ana.

Mukamabwera mundigulireko fulashi, mafunso anga ndiziyenda nawo m'chikwama. Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati