Mkate wobwerera wathunthu

Lolemba, 7 Okutobala

Ayi amayi, si zoona. Azakhali Mavluda alibe tsoka lililonse. Ndikuyankhira muno chifukwa pamaso panu ndikhoza kulandira mbale kumutu.

Mwati mzimayi amene banja lake linatha sapita kokafunsira mbeta, amakasiya tsoka pakhomo pa eni. Chabwino. Nanga inu ndi mai Oysha oyandikana nafe, amene akhala ndi mwamuna mmodzi yemweyo mpaka wachita dazi, mwapita kawiri kwa makolo a Zarnigor, mwabwerako ndi chiyani? Mkate womwewo, m'nsalu yomweyo, wathunthu. Akanalola akanaunyema. Sanaukhudze n'komwe. Tadya tokha ndi tiyi.

Kwatsala ulendo wachitatu. Ukalephereka umenewo basi, kupitanso n'kudzichotsa ulemu. Ndipo Z. wandilembera kuti dzulo kunafika amayi ake a dokotala wina wa mano, ndi mkate wawonso. Dokotala! Ine wokonza mafoni pamsika wa Kokand.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndawaimbira azakhali ku Tashkent, amayi asakudziwa.

"Davron, foni yanga sinafe. Ukufuna chiyani?"

Ndati azakhali, inu mumaphunzitsa mabwana kuyendetsa makampani, ine ndili ndi kampani ikugwa. Wantchito m'modzi, bwana yemweyo, akufuna mkazi.

Aseka mpaka kutsokomola. Kenako mawu aja a m'kalasi: "Bambo ake a mtsikanayo akukana chiyani kwenikweni?"

Ndati sukulu, nanga n'chiyaninso? Bambo akewo, a Tolibjon, anali mphunzitsi wa masamu moyo wawo wonse, ine masamu ndinasiyana nawo mwamtendere ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Nkhope yokha ndiye sangaikane.

"Anakuuza okha kuti ndi sukulu?"

Ayi.

"Wophunzira wanga akandiyankha chonchi ndimamupatsa ziro. Ndibwera Lachisanu pasitima. Umete."

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndawauza amayi. Sakundilankhula. Mpunga wa lero mchere wake ngati akufuna kundiumika.

Lachinayi, 10 Okutobala

Pamsika zii, anthu ali kuminda ya thonje. Ndangokhala kuganiza za azakhali.

Anthu amaona ngati anabadwa atavala magalasi. Iwo anayambira pafakitale ya nsalu ku Margilan, kuchoka pa makina mpaka kukhala oyang'anira anthu onse. Fakitale itagwa anapita ku Korea kukaphunziranso, imvi zitayamba kale. Amuna awo anati sankha, ine kapena mabuku. Anasankha. Pano ndi pulofesa pasukulu ya zamalonda, ndipo tsiku lina ndinakhalako kumbuyo kwa kalasi yawo. Azibambo a mimba zawo, a masuti, oti panja amakalipira madalaivala, kumakweza dzanja ngati tiana. Ndinagona pakati pa phunziro, koma ndinagona monyadira.

Abambo atamwalira ine n'kusiya sukulu, abale onse anabwera kudzandilalatira. Azakhali okha anandikhazika pansi n'kufunsa kuti manja akowa amatha chiyani. Ndinati kumasula zinthu. Anati kumanganso? Ndinati nthawi zina. Sabata yotsatira kunafika kabokosi ka zida. Ndi zomwe ndikudyera mpaka lero. Sindinawathokozepo bwinobwino, ndikangoyamba pamatuluka nthabwala.

Lachisanu, 11 Okutobala

Atsika sitima, kunyumba osafika, ati ndiitane Z. abwere pamsika. Atafika andithamangitsa. "Pita ukagule somsa, samusa za nyama zija. Kutali. Ukadikire zotentha."

Pobwera ndapeza Z. maso ali ofiira koma akuseka. Azakhali andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Sukulu yako palibe akuiganizira, mwana wa achimwene. Ndi sukulu ya uyu."

Kani nkhani ili chonchi. Z. ali chaka chachiwiri cha zamankhwala ku Fergana. Ulendo woyamba uja amayi, pofuna kukometsa nyumba yathu, anauza makolo ake kuti kwathu mpongozi sadzavutika ndi mabuku ndi mabasi, adzangokhala pakhomo nawo ngati mwana wawo. Iwo ankayesa akulonjeza zabwino! A Tolibjon atamva zimenezo anangoti tiganizire kaye, mkate n'kuukulunganso. Z. sanandiuze poopa kundidanitsa ndi amayi.

Madzulo kukhitchini kunali moto. Ine ndinali pakhonde, kukonza foni yosawonongeka.

Amayi: "Miyendo yanga yatha, alamu. Ndadikira mpongozi zaka zonsezi. Ine ndinaphikira amayi anu, kuwachapira, kuwasambitsa mpaka tsiku lomaliza, inu muli ku Tashkent ndi mabuku anu. Lero mubwere mudzandiphunzitse kuyendetsa nyumba yanga?"

Ndinati basi, sitima ya mawa yapeza munthu. Koma azakhali anangoti, "Zoona. Munagwira ntchito yanga ndi yanu yomwe. Sindinabwere kudzatsutsa zimenezo."

Mpeni unapitiriza kulira pa karoti.

Azakhali: "Koma mukukumbuka nsapato?"

Nkhani imeneyi sindinaimvepo chibadwire. Azakhali ali mtsikana, agogo anali atawapezera kale mwamuna. Abambo anga anawakweza pa lole ya thonje kuti akalembe mayeso ku Tashkent, pobwera anakalandira ndodo. Koma azakhali analibe nsapato zoti n'kulowa nazo m'tauni. Amayi, mpongozi watsopano pakhomo, woti sakweza maso pamaso pa apongozi, anatulutsa nsapato zawo za ukwati m'bokosi n'kuwapatsira pazenera.

"Mayeso aja ndinalemba nditavala nsapato zanu, alamu. Zinkandithina."

Amayi: "Ndipo simunabweze."

Kenako sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Mwina zonse. Mpunga unapserera, palibe anadandaula.

Loweruka, 12 Okutobala

Apita awiri, amayi ndi azakhali, mai Oysha atsala akutukwana ndi maso pageti pawo. Potuluka azakhali anati, "Ine ndingonyamula mkate. Mawu akhala anu, alamu, nyumba ndi yanu." Amayi sanati inde, sanati ayi. Anangomanga mpango mwamphamvu.

Pamsika ndamata galasi la foni ya munthu pa foni ya munthu wina. Onse awiri andinena, ndavomera zonse.

Dzuwa litapendeka ndawaona akubwera. Amayi patsogolo, nkhope ngati akuchokera kumaliro. Azakhali kumbuyo ndi nsalu ija. Afika m'nyumba, aiika patebulo, aimasula pang'onopang'ono dala, mfiti za anthu. Zibenthu! Mkate uli zibenthu, ndi maswiti oyera pamwamba!

Ndinakuwa mpaka galu wa mai Oysha anayankha.

Azakhali ndiwo andifotokozera. Akuti a Tolibjon anawalandira ndi ulemu waukulu, pulofesa uku pulofesa uko, kenako n'kufunsa kuti mnyamatayo ali ndi pepala lanji. Azakhali anati alibe, pakamwa pokha ndiye pali digiri. (Zikomo azakhali. Ndinakuitanirani zimenezi?) Anati koma chiyambire sanamvepo kuti wanamiza munthu kapena wagonetsa mayi ake ndi njala. Kenako anatseka pakamwa n'kuyang'ana amayi. Akuti chetecho chinatalika mpaka tiyi anazizira, iwo osawathandiza ngakhale pang'ono.

Mpaka amayi anati, "Mwana wanu adzamaliza sukulu ali m'nyumba mwanga. Ndanena ine."

A Tolibjon anati nanga m'mawa? Mpongozi watsopano amadzuka kusanache, kusesa bwalo ndi msewu wa pageti, kuwaza madzi, anthu onse aone. Basi ya ku Fergana imanyamuka nthawi yomweyo. Adzasesa ndani?

Apa azakhali anasiya kufotokoza n'kuyamba kumwa tiyi. Ndafunsa kuti amayi anayankha chiyani. Onse awiri angondiyang'ana.

Ndayesa kuwathokoza azakhali, ulendo uno mopanda nthabwala. Ndangofika pa "azakhali, ine" mawu n'kuthawa. Andigwira khutu ngati kale, ati ndamva.

Lamulungu, 13 Okutobala

Tsopano ndadziwa zimene amayi anayankha.

Andidzutsa kunja kukadali mbuu, tsache m'manja, ndowa pakhomo. Ndati amayi, ukwati ndi chaka chamawa. Ati ndiye uli ndi nthawi yophunzira.

Mwamuna wa ndevu zake kusesa msewu! Apongozi achitsikana a m'nyumba zonse za mumzere wathu anali panja ndi matsache awo, ataweramira pansi, mapewa akugwedezeka. Ndawapatsa moni mmodzimmodzi ngati mnzawo. Amuna a mai Oysha podutsa kuchokera kumzikiti anaima n'kufunsa ngati ndakwatiwa. Ndati eya bambo, ndipo andisamala bwino.

Azakhali atuluka ndi chikwama chawo, wa kusitima. Aima pageti pambali pa amayi, onse manja m'chiuno, kuyendera ntchito yanga. Azakhali ati iwo akuona ngati mnyamata akuyesetsa.

Amayi ayang'ana msewu, ayang'ana ine, ayang'ana alamu awo.

"Akusesa ngati pulofesa. Iwe, yambiranso."