Milungu Itatu ya Gunnar

Lolemba, 25 Malichi

Madzi oundana asungunuka padamu. Tavuula maukonde m'mamawa, zala zochita dzanzi. Nsomba za walleye zazikazi 40, zokhwima mazira 11 basi.

Gunnar wafika cha m'ma 10 ndi lole yotengera mazira ku malo oswetsera nsomba. Imvi zawonjezeka, chipewa ndi chomwechija. "Mayi Loretta, mudakali moyo?" Ine: "Ndife n'chiyani, ntchito isanathe?" Waseka. Chaka chachisanu ndi chinayi ichi, ndipo chaka chonse ndimamuona milungu itatu yokhayi.

Lachitatu, 27 Malichi

Ine kufinya mimba ya nsomba, iye kugwira mbale. Mazira kuyoyoka, achikasu mbuu. Kenako umuna wa yamphongo, kutakasa ndi nthenga ya tsekwe, madzi a dongo kuti asamatane. Nsomba kubwerera m'madzi. Sitiyankhula zambiri, manja amadziwana okha.

Bwana Dwight: "Inu awiri mumagwira ngati banja, kungoti simukangana." Ndinangoweramira m'mbale.

Chimwalirireni bambo a kunyumba, palibenso wina kupatula Gunnar amene amadziwa kuti khofi ndimamwa wopanda shuga.

Lachisanu, 29 Malichi

Kwafunda. Nsomba zikukhwima msanga. Aliyense akusangalala, kupatula ine.

Lolemba, 1 Epulo

Gunnar wanena tikudya masangweji kumbuyo kwa lole. Akupuma ntchito mu Juni. Asamukira kutali, ku Montana, kwa mchemwali wake.

"Chaka chamawa akutumizirani mnyamata wa manja ofunda."

Ndinati zikhala bwino. Zikhala bwino! Pakamwa panga ine.

Lachiwiri, 2 Epulo

Lero ndachita chinthu chochititsa manyazi. Ndinagwira yaikazi yaikulu, yokhwima bwinobwino, mazira akutuluka okha. Ndinati, "Iyi siinakhwime," n'kuibwezera m'thanki. Ngati kuti nsomba imodzi ingatalikitse nyengo. Gunnar anaona. Anandiyang'ana, n'kuika mbale pansi.

Madzulo ndinakaitenganso n'kuifinya. Mazirawo ndi okadzaza nsomba m'madamu asanu ndi limodzi, si anga.

Lachinayi, 4 Epulo

Dwight akuti mawa tikwanitsa mlingo wa mazira wa chaka chino, sabata yathunthu isanakwane nthawi. Wagula mowa. Ndamwa theka la botolo n'kubwerera kunyumba. Ndachapa zovala zoyera kale.

Nambala ya foni ya Gunnar ndili nayo kuyambira kalekale. Sindinaimbepo.

Lachisanu, 5 Epulo

Ndikulemba ndili pamalo omwetsera mafuta.

Mabokosi omaliza tinakweza masana. Anzathu anatsanzikana ndi Gunnar, kumenyana pamapewa. Ine ndinatsalira, ndikupukuta mbale youma kale. Analiza injini. Sindikudziwa kuti miyendo inandifikitsa bwanji pawindo lake.

"A Gunnar, zaka zonsezi ndikufinya mazirawa, sindinaonepo akuswa."

"Ndi ulendo wa maola anayi, mayi. Ndiye saswa lero, mpaka milungu iwiri."

"Ndikudziwa."

Anachotsa manja pachiwongolero. Kenako anayamba kusesa mpando winawo ndi mkono: mapepala, magolovesi, makoko a mtedza, zonse pansi.

"Kwera, Loretta. Ndimaopa kuti sufunsa."

Dwight anakuwa kuti ndaiwala galimoto langa. Likhale.

Gunnar walowa mushopu kukafunsa ngati amagulitsa miswachi. Uyo akutuluka.