Mawa ndivala buluku, Amayi

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mimba munandisiya nayo ija ndinachira bwinobwino. Ndi wamkazi, tinamutcha Tamandani, mphuno ndi yanu yeniyeni. Mpunga wa ku Lifuwu unabereka, ngakhale mbalame zinatidyera kumunsi kuja munkazipirikitsa ndi chitini. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri.

Chibwerere matipate zinthu zasintha. Pa boma magalimoto akale ochokera kunja angoti mbwee, wandalama aliyense akugula ya matola. Koma kunyanja kuno anthu ayamba kugula njinga zamoto, zija munkati mthuthuthu wa alangizi, poti galimoto imatitimira mumchenga. Akamwini anu nawo anagulitsa mpunga n'kugula yakale kwa mlangizi wopuma ntchito. Akuti, "Galimoto ndi ya mabwana a kuhotela, ife yathu ndi imeneyi."

Amayi, mwana akudwala. Thupi latentha masiku atatu, bere akukana. Pachipatala chathu chaching'onochi ati tithamange naye ku chachikulu cha pa boma. Mvula yadula msewu, matola sakufika, ikudutsa ndi njinga yokha.

Lero tinanyamuka. Ndinakhala cham'mbali monga munandiphunzitsira pa njinga yakapalasa, miyendo pamodzi, mwana kumbuyo. Tisanafike ndi pachigayo pomwe, nsonga ya chitenje inakodwa m'masipoko, n'kundikoka, tonse pansi khu! Mwayi ndinagwa chafufumimba pamchenga, mwana sanagunde pansi. Ine ndapsa mwendo ndi paipi ya utsi. Chiwongolero chapindika, akamwini anu akuwongola panjapa.

Tsono akuti mawa ndivale buluku lawo, ndikhale motangadza ngati mwamuna, ndiwagwire m'chiuno. Akuti lamulo loletsa akazi lija linatha. Koma ine lamulo ndinkaopa silinali la boma, linali lanu. Munkati, "Mkazi wa buluku asadzaponde ngakhale pamaliro anga." Amayi a kumpingo adzandiseka, zimenezo ndipirira. Chikundiopsa ndi choti inu mungakwiye, mkwiyowo n'kugwera pa mwanayu.

Musatero, Amayi, chonde. Inu munandibereka kumsana wapansi mpaka ku Chipoka nthawi ya chikuku ija, mapazi anatupa sabata yonse. Mukudziwa mmene mtima ukuchitira.

Bulukulo ndayesa kale. Ndi lalitali, ndapinda m'miyendo, m'chiuno ndimanga ndi chingwe. Mukanaseka mpaka misozi.

Msewu wake ndi uja wodutsa kumanda. Mukamva mthuthuthu m'mamawa, yang'anani kumbali ngati simufuna kundiona, koma dzanja lanu likhale pamsana pa mdzukulu wanu mpaka tikafike.

Akachira, ndikulonjeza, adzadziwa dzina lanu asanadziwe langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati