Zitsekerero 19 Zomwe Sindinagawe

Lachinayi, 6 Novembala

Makomo oyang'ana kumsewu, m'misewu yathu itatu: 22 + 25 + 17 = 64
Zitsekerero za mabotolo zomwe ndadontheza penti wofiira: 64
Zomwe ndagawa, khomo lililonse chimodzi: 64
Zotsala: 0
Zitini: 3 (magetsi a mumsewu, mpopi wachiwiri, ngalande ya kuseri)
Masiku otsala kuti tivote: 2

Zonse zikugwirizana. A bungwe lachitukuko ati atichitira chinthu chimodzi chokha chaka chino, ndipo tisankhe tokha eni dera. Banja lililonse liponya chitsekerero chake m'chitini cha chomwe likufuna. Ine monga mlembi wa komiti ndiwerenga, ndilemba pa fomu, ndisaina. Alangizi a ku bungweko, kamtsikana ka nsapato zafumbi, abwereza kawiri kuti manambala akasemphana ndi mndandanda wa mabanja, mwayi upita kudera lina, ife tidikire chaka chamawa. Ndawauza kuti ndinaphunzitsa masamu zaka 34, manambala anga sasemphana.

Mndandandawo tinapanga ndi Atcheya a komiti mwezi watha, khomo ndi khomo, choko m'manja.

Lachisanu, 7 Novembala

Pa mpopi m'mawa uno ndawerenga ndowa 97 pamzere. Mabanja 64, ndowa 97. Mwina anthu agula ndowa zambiri. Mapiritsi a BP atsala 11.

Loweruka, 8 Novembala

Tavotera m'kalasi ya sukulu ya mkaka. Zitini kuseri kwa katani, zivindikiro zobooledwa ndi kumatidwa. Ine pakhomo ndi mndandanda, kuchonga aliyense wolowa. Ndachonga 61. Atatu sanabwere: atelala ali kuchipatala, a khomo 9 apita kumaliro, a khomo 40 akuti chitsekerero chawo chinagwera m'chimbudzi.

Tatsegula zitini 4 koloko, anthu onse akuona.

Magetsi 27
Mpopi 13
Ngalande 40
Zonse pamodzi 80

Ndawerenga katatu. Ndavula magalasi, ndapukuta, ndawerenganso. 80. Atcheya akuti, "Aphunzitsi, kodi zitsekererozi zaswana m'chitinimu?" Anthu kuseka. Ine nkhope kutentha ngati mwana wolephera pa bolodi. Alangizi sanaseke. Andipatsa mpaka Lachisanu 10 koloko kuti ndibweretse fomu yosainidwa.

Ndatenga zitsekerero zonse, chitini chilichonse m'jumbo yakeyake.

Lamulungu, 9 Novembala

Ulaliki sindinaumve. 80 − 61 = 19, mapemphero onse.

Lolemba, 10 Novembala

Ndaziyala patebulo pafupi ndi zenera. Kadontho kanga ndinkaika ndi kamtengo ka machesi, penti wake ndi wotsala pa chitseko, sawala. Koma 19 zili ndi kadontho kowala, kosalala, ndipo ukanunkhiza kakumveka ngati penti wa m'zikhadabo. Zonse 19 zachokera m'jumbo ya ngalande. Ndiye kuti zanga zenizeni ndi magetsi 27, mpopi 13, ngalande 21. Pamodzi 61. Mtima unakhala pansi mwina mphindi zisanu.

Atcheya abwera masana, asangalala kwambiri. "Tayani zabodzazo, lembani 61, magetsi apambana." Iwo golosale yawo ili pakona, babu likakhala pamenepo azigulitsa mpaka usiku. Sindikuwanena, inenso ndinaponya cha magetsi, chifukwa chaka chatha ndinagwa pa sitepe mumdima, bondo mpaka lero.

Cholembera ndinachigwira. Sindinasaine. Chomwe sindikumvetsa ndi ichi: munthu angabere ngalande? Aidya? Anthu amabera chinthu choti alowe nacho m'nyumba. Uyu wavutika kutola zitsekerero 19, kudontheza chimodzichimodzi, chifukwa cha dzenje la madzi oipa lomwe ine sindikumbuka kuti ndinaliona liti.

Lachiwiri, 11 Novembala

Ndapita ku saluni ya khomo 31. Zikhadabo za mwini wake, kufiira komweko.

"Aphunzitsi, khalani. Imvi timalukanso, musaope."

Ndinangoika chitsekerero chimodzi patebulo pake. Anachiyang'ana, anayang'ana ine, chipeso chili m'tsitsi la kasitomala. Sanakane n'komwe.

"Ndine. Ndinadontheza 19. Zisanu ndi ziwiri ndinalowa nazo m'kansalu, zinazo anzanga."

"Za ndani, mwana iwe?"

"Za anthu omwe choko chanu sichinawaone."

Anasiya kasitomala tsitsi lili mbali imodzi, n'kundilowetsa pakampata ka pakati pa saluni ndi shedi ya owotcherera zitsulo. Kampatako ndimadutsapo tsiku lililonse, ndimayesa n'potayira zinyalala. Masitepe 18 ndipo tinatulukira kuseri.

Zipinda. Zina za njerwa, zina za malata, zomata kumsana kwa nyumba zathu zomwezi, zitseko zonse kuyang'ana ngalande. Ngalandeyo yodzaza mapulasitiki ndi matope, ili panjira pomwepo. Pamakoma pali mzere wakuda pomwe madzi anafika mvula yatha. Ndinayeza ndi mwendo: pa bondo penipeni. Matiresi pamwamba pa njerwa. Khomo lililonse mbaula yake, ndowa yake. Ndowa zanga 97 zija.

Ndinayamba kuwerenga zitseko. Ndinafika 14, mayi wina anandipatsa moni, ndinasokonezeka. Ine kusokonezeka powerenga! Zaka 29 ndili m'dera lino.

Mayiyo, wogulitsa tomato, anati, "Tinakumvanitu mukudutsa kumsewu, makumi awiri ndi chimodzi, makumi awiri ndi ziwiri. Alandilodi anati tikhale zii, mukatilemba akhonsolo adzagwetsa zipindazi, zilibe mapepala."

Ndinafunsa chifukwa chomwe sankabwerera ku misonkhano. Anati 10 koloko m'mawa? Iwo amakhala ali kumsika, ena m'nyumba za mabwana. Nthawi ya misonkhano ndinaika ndine.

Ndiye zitsekerero 19 zija ndi zabodza kapena ayi? Penti ndi wabodza. Anthu ake ndawaona ndi maso.

Lachitatu, 12 Novembala

Lero ndiye zandisokoneza kotheratu.

Mpongozi wanga amakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yanga, chomwe malemu mwana wanga anamanga asanadwale. Iye ndi ana awiri. Timaphika padera chiyambire pomwe tinakangana pa nkhani ya sopo, zaka zitatu tsopano, koma timapatsana moni bwinobwino. Ndinamupeza akuchapa, n'kumufotokozera za dzulo ngati nkhani yachilendo. Anafinya malaya mpaka kuuma, ndiye anati:

"Amayi, chimodzi ndi changa."

Loweruka lija anandibweretsera madzi omwera mapiritsi, n'kupempha kuika kapu kuseri kwa katani. Ndinamuthokoza.

Ndinati, "Koma amake ana, inu ndi ine si banja limodzi? Khomo 17 ndinaliponyera ndine."

"Munaponya chiyani, amayi?"

"Magetsi."

"Eya. Nanga mvula ikagwa madzi amalowa kwa ndani?"

Ananena mofatsa, maso ali m'beseni. Ndinakumbuka mvula yatha, m'mawa wina anabweretsa mabuku a ana kuti ndiwasungire pamwamba pa kabati. Ndinawawerenga, anali 23, ndinalemba m'buku lino. Ndayang'ana tsambalo, lilipo. Chifukwa chomwe anawabweretsera sichinalembedwe, popeza sindinafunse.

Khomo 17: banja 1 kapena 2? Ndalemba 1, ndafufuta. Ndalemba 2, ndafufuta. Pepala labooka.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndawaimbira Alangizi, mphindi 6. Njira ndi ziwiri. Yoyamba, ndisaine 61, magetsi abwere, nkhani ithe. Yachiwiri, ndibweretse mndandanda watsopano wokhala ndi mayina a mabanja onse, tivotenso Loweruka. Koma lipoti lawo kope lake limapitanso ku khonsolo. Ndinafunsa ngati zipinda zigwetsedwe. Anati, "Agogo, sindinamvepo kuti zinachitika chifukwa cha lipoti lathu, koma ndikakulonjezani ndinama."

Chipinda cha mpongozi wanganso chilibe pepala.

Atcheya amva, abwera atakwiya. "Mukufuna kugwetsa nyumba za anthu chifukwa cha masamu anuwo? Mwakalamba, sainani mupume." Mwina akunena zoona. Ndikasaina 61 sindinanamize munthu, zitsekerero zanga ndi 61. Ndikasaina 80 ndavomereza penti wa m'zikhadabo. Manambala onse awiri ndi olondola ndipo onse awiri ndi olakwa. Ku koleji sanatiphunzitse zimenezi.

Madzulo ndapitanso ku saluni. Ndanena kuti denga lomwe lingagwe ndi la anthu a kuseriwo, ndiye ine sindilemba munthu amene sanabwere ndi miyendo yake. Mawa kuyambira 6 koloko ndikhala pakhonde ndi pepala. Asinkhesinkhe okha. Pakapanda kubwera munthu, ndisaina 61.

Wa saluni anati, "Tebulo muike lalikulu, Aphunzitsi." Sindikudziwa ngati amandiseka.

Kumadzulo kwachita mitambo. Mapiritsi atsala 5.

Lachisanu, 14 Novembala

6:00, palibe munthu. 6:10, palibe. Ndinanola pensulo yomwe inali yonola kale.

6:20 ndinamva "Odi!" pageti. Mpongozi wanga. Wazungulira nyumba yonse kudutsira kumsewu, atavala nsalu yake ya kutchalitchi, n'kuodira ngati mlendo. Ndinati, "Lowani, mayi. Dzina?" Ananditchulira dzina lomwe ndimalidziwa zaka 12, ine n'kulemba. Nambala yake: 65.

Nditadzutsa mutu, mzere unali utafika pa mpanda. Wa tomato, ndowa ili pamutu. Wokonza nsapato. Atsikana awiri a yunifomu ya ntchito za m'nyumba, akuyang'ana nthawi pa foni. Owotcherera zitsulo anabwera ndi anthu atatu ochita lendi kwa iwo, n'kuima pambali manja m'thumba. Anati, "Akagwetsa agwetse ndili pompo, ndatopa kuchotsa madzi ndi fosholo."

Ndinkayembekezera 19. Anabwera 23. Ndinafunsa wa saluni kuti anayi enawa achokera kuti. Akuti penti anamuthera.

Atcheya anadutsa kawiri osapereka moni. Kachitatu anaima pageti, akuyang'ana kumbali. "Mulembenso mlonda uja wa kuseri kwa golosale. Wagona, wangoweruka kumene." Ndinati ndimalemba wobwera ndi miyendo yake. Anatembenuka, n'kupita. Patatha mphindi 9 anabwera naye, maso ali ofiira, bulangete paphewa.

Za khonsolo sindikudziwa. Ngati atsala ena kuseriko omwe aopa kubwera, sindikudziwanso. Nthawi ndi 9:40, Alangizi ndikuwaona akutsika njinga pakona.

Mabanja a makomo a kumsewu: 64
Mabanja a makomo a kuseri, obwera okha: 23 + 1 = 24
Onse pamodzi: 88
Zitsekerero zofunika mawa: 88
Zomwe zilipo: 61 + 19 = 80
Zoperewera: 8 (penti wagulidwa wina ku saluni)
Nthawi yovota: 5 koloko madzulo
Khomo 17: mabanja 2

Ndawerenga katatu, ndipo ndasaina 88.

Ine, mlembi wa komiti,
Aphunzitsi a pa khomo 17, la kumsewu