Ndinakana kutsika pathanthwe, ndipo ndinanena zifukwa zake

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndili ku sekondale. Sindilankhula kwambiri. M'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo nthawi yopuma ndimakhala pamasitepe a laibulale n'kumaonerera anthu. Palibe amene amandizunza, kungoti sandiona. Koma ine ndimawaona onse.

Chaka chino mayi anandikakamiza kulowa gulu lililonse la pasukulu, ati ndasanduka mpando wa m'nyumba. Ndinasankha gulu lokwera mapiri poganiza kuti pathanthwe munthu amakhala yekha, palibe wopatsirana naye mpira. Sindinadziwe kuti pali chingwe.

Loweruka lapitali tinapita kuphiri anthu khumi ndi awiri, pamodzi ndi aphunzitsi a masewera. Kumeneko tinapeza bambo wina wophunzitsa anthu kukwera matanthwe. Anatigawira zisoti ndi malamba a m'chiuno, n'kutifotokozera mmene zimayendera. Chingwe amachimanga palamba wa wokwerayo, chimakadutsa mumphete yachitsulo pamwamba pa thanthwe, n'kubwerera pansi kwa mnzake wochigwira. Ukaterereka, mnzakoyo ndiye amakuimitsa. Wondigwirira ine anali mnyamata amene timamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipatsekeka.

Kukwera sikunandivute. Ndinali nditaonerera anthu asanu akukanika pamalo amodzimodzi, choncho ndinkadziwa poponda. Ndinafika pamphete paja n'kuima pa kamwala kongokwana mapazi awiri. Pansi anaomba m'manja. Chibadwire anthu anali asanandiomberepo m'manja.

Kenako bambo aja anakuwa kuti, "Tsopano siya thanthwe, utsamire kumbuyo ngati ukukhala pampando. Mnzako akutsitsa pang'onopang'ono."

Ndinayang'ana pansi. Wailesi anali atagwira chingwe, koma pakamwa pali yaviyavi. Mantha anandigwira, ndipo pakamwa pangapa, pamene pakhala potseka zaka zonsezi, panatseguka.

"Wailesi ayi," ndinatero. "Amalankhula ndi manja. Botolo la asidi lija mu labu anagwetsa ndi iyeyu akufotokoza za mpira, si mphepo ayi."

Aphunzitsi anatembenuka kumuyang'ana. Nkhani ya botolo inali itatha kalekale, mlandu unagwera zenera.

Kaputeni wa gulu anati, "Chabwino aise, ndigwire ine?"

"Iwenso ayi. Chikwerere basi maso ako ali pa mlongo wake wa Wailesi. Akangomwetulira, ine ndathera pansi."

Mtsikanayo anali pomwepo. Anatsitsira chisoti kumaso.

Apa aphunzitsi anakwiya. "Iwe mwana, usatitayitse nthawi. Ndigwira ineyo."

"Pepani aphunzitsi, koma chaka chatha munaiwala goloboyi pamalo othirira mafuta. Munazindikira mpira utayamba."

Phiri lija limabwereza mawu, ndiye aliyense anamva zimenezi kawiri. Bambo a zingwe aja, akupukuta misozi ya kuseka, anafunsa kuti, "Nanga ine, mphwanga?" Ndinawayankha kuti iwo sindikuwadziwa.

Ndinakhala pa kamwala kaja mphindi pafupifupi makumi anayi. Sindinasankhe kutsika. Phazi linangoterereka, ndinagwa. Koma sindinagwe ngakhale kutalika kwa mkono, chingwe chinandigwira. Wailesi ananditsitsa bwinobwino mpaka pansi, anamasula chingwe palamba wake, n'kuchoka. Pobwerera m'basi ndinakhala ndekha kumbuyo monga mwa masiku onse, koma ulendo uno zinandiwawa.

Lachisanu gulu likumana, ndipo ndamva kuti adzakweza manja kuti aone ngati ndipitenso nawo ulendo wa mwezi wamawa. Aphungu, ndikufuna kupita. Sindinafunepo kanthu chonchi. Koma zonse zimene ndinanena ndi zoona, palibe bodza ngakhale limodzi. Kodi munthu amapepesa bwanji chifukwa chonena zoona? Ndaganiza zolemba kakalata n'kukalowetsa m'chikwama cha Wailesi iye asakuona. Zikakanika, kuseri kwa nyumba yathu kuli thanthwe lina, ndikhoza kumakwera ndekha popanda wondigwirira.

Ndithandizeni.

L. T. M.

*

Mwana wanga L. T. M.,

Ndaseka mpaka tiyi kunditayikira, koma tiye tikambe zenizeni.

Mantha si mlandu. Aliyense woona pansi pali patali amanjenjemera. Mlandu wako ndi wakuti mantha ako unawalipiritsa anzako. Ukuti unanena zoona. Inde, koma palibe anakufunsa. Chilungamo chimene chinkafunika pathanthwe paja chinali chimodzi chokha: "Ndikuopa." Chimenecho sunanene.

Ukuti umaona zonse. Nanga bwanji sunaone ichi? Mnyamata amene unamuulula pamaso pa aphunzitsi, n'kuchititsanso manyazi mlongo wake, anaima mphindi makumi anayi khosi lili m'mwamba, chingwe chako chili m'manja. Atamva za Kaputeni, manja ake ayenera kuti anayabwa kufuna kugwira kolala ya munthu. Sanasiye chingwe. Chaka chonse wakhala ukusonkhanitsa zolakwa za anthu ngati wapolisi, koma umboni waukulu unakudutsa pansi pa mapazi.

Tsono chita izi Lachisanu lisanafike. Kakalata ako kasiye, zolowetsa m'zikwama ndi za akuba. Pita kwa Wailesi maso ndi maso, umuuze kuti, "Ndinali ndi mantha, ndinakunyoza, koma unandigwira. Zikomo, pepa." Ukatero tseka pakamwa. Mawu akuti "koma zinali zoona" akafika pakhosi, uwameze. Akayamba kukukalipira, mvetsera mpaka amalize. Poti ndi Wailesi, pita utadya.

Kenako mlongo wake, amene sanalakwe chilichonse. Mawu ochepa, ndipo usatchule Kaputeni. Kaputeniyo umupepese payekha. Aphunzitsi uwapeze ku ofesi, osati pagulu, ndipo mawu akuti goloboyi asatulukenso pakamwa pako mpaka umalize sukulu.

Pamsonkhanopo imirira asanakweze manja. Uwauze kuti ukufuna kukhalabe nawo. Anthu amene sunawalankhulepo chaka chonse sangalote zimenezo. Upemphe kuti ulendo wotsatira uyambe ndi kugwirira ena chingwe, kuti umve mmene khosi limawawira. Upemphenso kuphunzira kutsamira chingwe uli pafupi ndi pansi, kakhumi, kawirikawiri, mpaka thupi lizolowere. Maso akowo ali ndi ntchito m'gulu lotere: mfundo yomangidwa molakwika, lamba wosamanga bwino. Zimenezo uzinena msanga, motsitsa mawu, kwa mwini wake.

Mwina adzakukana ndithu. Zikatero, vomera, udikire ulendo wina. Chilonda cha pakamwa sichipola sabata imodzi.

Koma za thanthwe la kuseri kwa nyumba, iwala lero lomwe, ndipo mayi ako ndikanawadziwa ndikanawauza ndekha. Wokwera yekha sakangana ndi munthu, n'zoona. Koma akagwa, okamunyamula amakhala anthu omwe aja ankawakana.

Aphungu